Tsokonombwe Anatha Mtunda N'kudumpha

M'mudzi uliwonse ana ali ndi masewera awo. Anyamata ambiri amakonda mpira wamiyendo, pamene atsikana amakonda fulaye, phada ndi mpira wamanja. Koma si mwana aliyense amene amakondwera ndi zimene gulu likuchita.

Pasukulu ina panali mnyamata amene sankatha kumenya mpira. Anzake akamupatsira, mpirawo unkamudutsa pakati pa miyendo, ndipo onse ankafa nacho chiseko. Posankhana m'magulu iye ankatsala yekha. Pomalizira pake anayamba kunama kuti mutu ukumupweteka tsiku lililonse la masewera. Chifukwa chongokhala, thupi lake linafooka ndipo sukulu inayamba kumuipira.

Komatu mnyamatayu anali waluso m'manja. Ankatola mawaya otayidwa, kuwawongola ndi mwala, n'kupinda galimoto. Mawilo ankadula ku mapatapata akutha. Atamaliza lole yake ya mawilo 6, sanafune kuisiya m'nyumba. Ankaiyendetsa popita kuchigayo, kudambo ndi kumsika, akuthamanga pambuyo pake, pakamwa pakulira ngati injini.

Iye sankadziwa kuti akulimbitsa thupi. Munthu akamathamanga, mtima umagunda mofulumira, mapapo amakoka mpweya wambiri, ndipo minofu ya m'miyendo imakhwima. Patapita miyezi ingapo, pasukulupo panachitika mpikisano wothamanga. Mnyamata uja analowa nawo, ndipo anakhala wachiwiri. Agogo ake atamva zimenezi anaseka nati, "Mdzukulu wanga, tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha." Ankatanthauza kuti aliyense amafika kumene akupita poyenda mwa njira yakeyake.

M'dziko muno alipo anthu odziwika amene anatsata zokonda za mtima wawo. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ankakonda kumasula mawailesi ali mwana. M'chaka cha 2002 anapanga makina oyendera mphepo opangira magetsi, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale. Anthu ena ankati wapenga, koma nyali inayaka m'nyumba mwawo. Mwawi Kumwenda wa ku Mzimba anasankha mpira wamanja. M'chaka cha 2015 anatchulidwa kuti ndiye wosewera bwino koposa pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney, ku Australia.

Ntchito yokakamizidwa imatopetsa msanga, koma imene munthu waisankha yekha amaichita mpaka dzuwa kulowa. Mwana amene mpira wamukana asakhale khale. Ayese kuvina, kusambira, kuumba, kuluka kapena kuimba, kufikira atapeza chimene chimamukomera. Anzake nawonso asamuseke.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani mnyamata uja ankanama kuti akudwala?
2. Kodi galimoto lamawaya linamuthandiza bwanji kulimbitsa thupi?
3. Fotokozani tanthauzo la mwambi umene agogo ananena.
4. Tchulani masewera kapena luso limene inu mumalikonda, ndipo nenani chifukwa chake.