Kalata kwa Tadala, aiwerenge m'basi ya ku Johannesburg

Mwana wanga Tadala,

Amayi ako akulangiza kale za ndalama, za anzako oyenda nawo ndi za kupemphera, ndipo ine sindibwereza. Ndasankha kulemba nkhani imodzi yokha, chifukwa ndikaiyamba pakamwa umaseka n'kunena kuti ababa mukungondiopseza. Ulendowu ndi wautali, nthawi yowerenga uipeza.

Chipsera cha pakhosi pangachi ndi tizipsera ta pamimba panga n'za matenda amodzi, amene madokotala amawatcha MEN2. Ndinabadwa nawo, ngakhale anadziwika chaka chatha chomwechi. Mu DNA ya munthu aliyense muli kachigawo kotchedwa RET. Kanga kali ndi vuto, ndipo mwana aliyense amene ndinabereka mwayi wake wokatenga ndi theka, kaya wamwamuna kaya wamkazi. Iwe ukhoza kukhala nako mchimwene wako alibe, kapena nonse awiri, kapena palibe ndi mmodzi yemwe. Ndikudziwa kuti kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndipo nkhani zako zikuluzikulu amakamba ndi atsibweni ako. Koma magazi sadziwa mwambo umenewo. Dokotala akakufunsa za matenda a kumtundu, usayiwale akuchimuna.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kolemera magalamu 4 kapena 5 okha, kotchedwa adrenal. Ndi kamene kamatulutsa adrenaline, amene amathamangitsa mtima wako ukaona njoka panjira. Mwa anthu a MEN2, pafupifupi theka amamera chotupa m'kachiwaloka, nthawi zina mbali zonse ziwiri. Dzina lake ndi pheochromocytoma. Usavutike kulitchula, ungolilemba. Chotupachi chimathira adrenaline m'magazi popanda njoka, popanda chifukwa. Mutu umapweteka mwadzidzidzi ngati ung'ambika, thukuta limatsika ngakhale kukuzizira, mtima umagunda mpaka kuumva m'makutu, manja amanjenjemera, ndipo umagwidwa ndi mantha osadziwa chimene ukuopa. Pakapita mphindi zingapo, mwina ola, zonse zimatha. Ukafika kuchipatala n'kukuyeza BP, amapeza ili bwino. Ine ndinayenda choncho zaka zambiri, ena akuti malungo, ena akuti ndimaganiza kwambiri za ngongole. Sindiimba mlandu munthu. Ngakhale Dwight Eisenhower, amene anali pulezidenti wa America ndipo madokotala sankamuchoka, chotupa chotere anamupeza nacho atamwalira mu 1969.

Choopsa n'chakuti tsiku lina BP imakwera osatsikanso. Mtsempha wa muubongo ukhoza kuphulika, mtima ukhoza kulephera kupopa, madzi n'kudzaza m'mapapo, munthu wachinyamata amene dzulo lake amasewera mpira. Azakhali ako anapita motero pobereka mwana wawo wachiwiri. Unali wamng'ono, sukumbukira manong'onong'o a pamaliro paja. Anthu analozana zala za ufiti, ndipo pali mabanja awiri amene sadyera pamodzi mpaka lero. Dokotala wanga nditamufotokozera mmene mlongo wangayo anafera, anaika cholembera pansi n'kunena kuti abale onse ayezedwe.

Si mtundu wathu wokha. Mu 1886 dokotala wina wa ku Germany, Felix Fränkel, analemba za mtsikana wa zaka 18 amene anamwalira ku Freiburg ali ndi zotupa pa adrenal zonse ziwiri. Mu 2007 akatswiri anafufuza abale ake a mtsikanayo amene ali moyo, n'kupeza vuto la RET mwa ena a iwo. Zaka zoposa 120 matendawa akungoyenda m'banja limodzi. Lero zikudziwika kuti mwa anthu atatu alionse opezeka ndi chotupachi, pafupifupi mmodzi amakhala atachitengera kumtundu.

Tsono tamvera chimene ndikufuna. Kumene ukupitako kuyeza RET n'kotheka, ndipo amangotenga magazi pang'ono, kamodzi pa moyo wonse. Akapeza kuti ulibe, basi, wamasuka, ndipo ana ako sangatengere kwa iwe. Akapeza kuti uli nako, usataye mtima. Ndiye kuti wadziwa msanga, mwayi umene ine ndi azakhali ako sitinaupeze. Pafupifupi aliyense wa MEN2 amadzadwala khansa ya chithokomiro, n'chifukwa chake madokotala amachichotseratu, ngakhale kwa ana aang'ono, khansayo isanafalikire. Chikachotsedwa umamwa kam'bulu ka levothyroxine m'mawa uliwonse, monga umandionera ine. Chaka ndi chaka amayeza metanephrines m'magazi kapena mumkodzo wa maola 24 kuti aone za adrenal, ndiponso calcitonin ndi calcium. Mayinawa ndawalembanso m'kabuku kako ka kuchipatala, pamodzi ndi fotokope ya kalata ya dokotala wanga. Kabukuko kazikhala m'chikwama chimodzi ndi pasipoti.

Mpaka utayezedwa, uzichita ngati uli nako. Pano m'pamene ndikufuna undimvetsetse, chifukwa ambiri amene chotupachi chimawapha chimawaphera m'manja mwa anthu ofuna kuwathandiza. Mankhwala ogonetsa pa opaleshoni amatha kuchiputa, ngakhale opaleshoniyo ikhale yaing'ono. Usalole kugonekedwa usananene kuti bambo ako ali ndi MEN2 ndipo anachotsedwa pheochromocytoma. Ine anayamba kundichotsa chotupa cha pa adrenal, chithokomiro chinabwera pambuyo, chifukwa akanayamba pakhosi mwina sindikanadzuka pa tebulo. Ndipo asanandichite opaleshoni yoyambayo ndinamwa doxazosin pafupifupi milungu iwiri, akundiuza kuti ndizidya mchere ndi kumwa madzi ambiri, ine amene amayi ako anandibisira mchere zaka zonsezi.

Samala ndi mankhwala ongogula pakauntala. Ambiri a chimfine ali ndi pseudoephedrine, uziwerenga pakatoni. Metoclopramide, amene amapereka munthu akamasanza, ndi woopsa kwa wa chotupachi. Amitriptyline ndi mankhwala a steroid chimodzimodzi. Koma amene ndimawaopa koposa ndi propranolol ndi atenolol. Munthu akadandaula kuti mtima ukuthamanga, awa ndi amene amabwera msanga m'maganizo, ndipo kwa ena amathandizadi. Kwa wa chotupachi, akaperekedwa okha, amasiya mitsempha itafinyika, BP n'kukwera kuposa poyamba. Mnzako wa m'chipinda akakupatsa m'bulu wake kuti mtima ukhale pansi, umuthokoze, usamwe.

Nkhani yotsatirayi ndi ya amayi ako ndi anamkungwi, osati ya bambo, koma ndiinena basi, manyazi anatikwirira kale munthu mmodzi. Tsiku lina udzafuna banja. Udzayezetse usanatenge pakati. BP ya chotupachi imasokonezedwa ndi BP wamba ya amayi oyembekezera, ndipo nthawi ya matenda, pamene mimba ikukankha, chotupacho chimafinyika n'kuthira adrenaline wambiri nthawi imodzi. Chikadziwika msanga, madokotala amakonzekera, ndipo mayi ndi mwana amapulumuka. Mnyamata wodzakufunsira udzamuuze poyera musanafike pa chinkhoswe. Akadzathawa chifukwa cha nkhaniyi, mlekeni apite, sitidzamulira.

Zikadzakugwira zija, mutu, thukuta ndi mtima pamodzi, usadzagone kuti zitha zokha. Upite kuchipatala nthawi yomweyo, akuyeze BP zisanathe, ndipo uonetse kalata ija. Ukadzamva kupweteka pachifuwa, kubanika, kapena dzanja kuchita dzanzi, aitane ambulansi. Uuziretu munthu mmodzi amene uzikhala naye, kuti akakulankhulire iwe ukalephera. Kuchipatala achinyamata amakonda kuwauza kuti ndi nkhawa za sukulu. Udzayankhe mwaulemu, koma usadzachoke asanawerenge pepalalo.

Ndalama yoyezetsera ndaiika payokha mu envulopu yakhaki. Si ya nsapato, si ya foni. Mwezi woyamba usanathe upite ukayezetse, ndipo zotsatira zikatuluka undiimbire ine poyamba, ngakhale usiku, kuti tidziwe poyambira ndi mchimwene wako komanso ana a azakhali ako.

Uyende bwino, Mulungu akusunge.

Ndine bambo ako.