Ana akajambule agogo adakali moyo

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Metangula, m'boma la Lago, kumene mwera wavuta ndipo usipa wayamba kusowa pamsika. Koma lero sindikudandaula za ndiwo. Mphunzitsi wina wa mbiri yakale kuno wayamba kutuma ana kwa agogo awo foni ili m'manja. Amajambula mawu, zithunzi ndi tizividiyo, kenako n'kulumikiza zonse kukhala kafilimu ka mphindi zochepa. Makolo ena akuti ndi masewera. Ine ndikuti mphunzitsiyu waganiza bwino.

M'kalasi ana amaloweza kuti Companhia do Niassa inalamulira dera lino mpaka 1929, kuti nkhondo ya ufulu inayamba mu Seputembala 1964, ndi kuti ufuluwo unabwera mu 1975. Mayeso akatha, zonse amaiwala. Koma mwana akakhala pamphasa n'kumva gogo wake akufotokoza za chibalo, za msonkho wa nyumba, za palmatória yomwe inkatupitsa manja, saiwala. Gogo wina anafotokozera mdzukulu wake m'mene anathawira ku Likoma pabwato usiku, atatseka pakamwa khanda kuopa maboti ankhondo a Apwitikizi omwe ankakocheza pompano. Atafika pamenepo anangoti zii, kenako n'kupempha madzi akumwa. Mdzukuluyo sanazimitse foni, ndipo mbali imeneyo anaisiya momwemo mufilimu.

Ana ambiri sankadziwa n'komwe kuti Metangula yathuyi inkatchedwa Augusto Cardoso, ndipo Lichinga inali Vila Cabral. Zojambula sizisowanso: mishoni ya Anglican ku Messumba, kumene ambiri mwa akuluakulu athu anaphunzirira, ndi tchalitchi chakale cha ku Cobué chomwe nkhondo inachisakaza.

Zovuta zilipo. Foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi gulu lonse, kumidzi kutchaja ndi kwa sola, ndipo intaneti ndi yodula. Chondiwawa ine n'chakuti ena akufuna kuti zonse zikhale m'Chipwitikizi. Ayi, gogo ayankhule Chinyanja chake, Chipwitikizicho chilembedwe m'munsi.

Omwe anaona chibalo ndi maso awo atsala ochepa. Makolo anzanga, bwerekani ana mafoni anu. Nanunso agogo, mdzukulu akabwera ndi mafunso musamuthamangitse, myalireni mphasa.

Ine wanu,
Mkhalakale wa ku Metangula