Miyala ya atate m'baketi

Atate anagwila nchito pa sitima ya TAZARA zaka zambili, ndipo akabwela kucoka ku Dar es Salaam sanali kufika cimanjamanja. Nthawi zina citenge ca amai, nthawi zina mpunga wa ku Mbeya. Caka cina anatsika ndi miyala isanu m'saka. Inali yoyela, yopepuka, yodzala timabowo ngati siponji. Amai anawafunsa ngati miyala yatha mu Kapiri Mposhi kuti munthu aziinyamula makilomita 1,860. Atate anangoseka, nati iyi ndi ya m'nyanja yamcele, ana aziiona. Inai anaiika pamwamba pa kabati. Waukulu unakhala wochingila citseko ca kukhichini, ndipo unagwila nchito imeneyo kufikila ine n'takula.

Atate atamwalila, abale anagawana zimene anagawana, nkhani imeneyo si ya pano. Ine ndinatenga miyala. Palibe amene anandiletsa.

Ndimaphunzitsa biology pa sukulu ina ya sekondale muno mu Lusaka. Caka ciliconse ndimajambula pa bolodi mmene nitrogen imazungulila, ana amakopela, amalemba mayeso, amaiwala. Ambili a iwo sanaonepo nyanja yamcele, ndipo kunena zoona inenso ndinaiona kamodzi cabe. Ndiye mu June 2024 ndinaganiza zopanga thanki ya nsomba za m'madzi amcele, ya malita 60, kuti miyala ya atate ibwelele m'madzi. Ndinalakwa cinthu cimodzi, ndinauza kalasi msanga. Kuyambila tsiku limenelo moni wao unali wakuti, "Ba Tica, Nemo abwela liti?"

Mwala woumawu suutenga cabe n'kuuponya m'thanki. Ndi mafupa a tuzamoyo twa m'nyanja tumene anthu amati coral, ndipo m'timabowo muja mumatsala zinthu zakufa zimene zinaumila momwemo. Yanga inalinso ndi fumbi la zaka zoposa makumi awili ndi zitosi za mphemvu. Zonsezi zikanyowa zimayamba kuola, zimatulutsa ammonia, ndipo ammonia imapha nsomba ngakhale ikhale yocepa. Motelo mwala uyenela kuolela kwina, m'baketi, kufikila utayela.

Poyamba ndinadonthezela viniga pa mwala umodzi, unacita thovu. Cimeneco ndi cizindikilo cakuti ndi calcium carbonate, atate sananamizidwe. Ndinautsuka bwino, ndipo patapita masiku ndinaviika yonse m'madzi osakaniza ndi Jik. Amene mufuna kuyesa, Jik ndi viniga zisakumane m'ciwiya cimodzi, zimatulutsa mpweya wa chlorine umene ungakugonekeni m'cipatala. Nditaitsukuluza kambili ndinaiyanika pa malata wiki yathunthu mpaka fungo litatha. Amai a pa nyumba yoyandikana anaima pa mpanda nafunsa, "Ba Tica, ni mankhwala ya cani aya?" Ndinafotokoza. Anagwedeza mutu mwaulemu, koma mwana wao analeka kubwela kudzatenga mpila ukagwela kwathu.

Kenako madzi. Madzi a m'nyanja ali ndi mcele pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, ndiye baketi ya malita 20 imafuna magalamu 700. Mcele wa pa nsima sugwila nchito, mulibe magnesium ndi calcium ndi zina zimene zili m'nyanja. Mcele woyenela ndinauitanitsa kwa munthu wina amene amapita kukaoda katundu ku Johannesburg, pamodzi ndi kapampu, kotenthetsela madzi ndi tumabotolo toyesela. Mtengo wake sindinauze mkazi wanga tsiku lomwelo. Anaupeza yekha pa lisiti, nawelenga kuti ndi matumba angati a unga, ndipo sanalakwitse masamu. Madzi a pa pompi ali ndi chlorine, a pa cisime ca komboni mumawadziwa nokha, conco ndinali kugula oyeletsedwa ku shopu yodzazitsa zigubu.

Miyala inai inalowa m'baketi imodzi, ndinavindikila kuti ndele isamele. Waukulu uja ndinaupatula m'baketi yakeyake, cifukwa unali wofiila pansi ndi polishi ya amai.

Cimene munthu amayembekezela m'baketi imeneyi sicioneka ndi maso. Pali mabakiteliya amene amadya ammonia n'kuisandutsa nitrite, imenenso ndi poizoni. Pali ena amene amatenga nitrite n'kuisandutsa nitrate, imene nsomba zimapilila ngati siinaculuke, ndipo imacepa ukasintha madzi. Mabakiteliya amenewa amakhala pa mwala, m'timabowo muja, ndiye cifukwa cake mwala wa timabowo ndi wofunika kuposa wa ku kwale. Amafuna mpweya, madzi oyenda, kutentha kwa madigili pafupifupi 25, ndi cakudya. Anthu akunja amaponyamo kacidutswa ka shrimp kuti kaole. Ine ndinaponyamo kapenta tuwili.

Wiki yoyamba baketi inanunkha ngati kumsika kwa nsomba madzulo. Mkazi wanga anaitulutsa m'cipinda codyela, inakakhala pa kona ya bafa. Madzi a m'kabotolo koyesela ammonia anacoka ku cikasu kupita ku gilini wakuda, ndipo ndinakondwa ngati ndalandila malipilo.

Koma 2024 cinali caka ca cilala. Madzi anacepa ku Kariba, malaiti anali kuyenda maola ambili kuposa amene anali kukhalapo. Malaiti akayenda, pampu imaima, kotenthetsela kamazima, ndipo mukudziwa mmene July wa mu Lusaka amazizila m'bandakuca. Mabakiteliya akazizidwa amagwila nchito mwaulesi. Tsiku lina nditacoka ku sukulu ndinavundukula baketi, munatuluka fungo la mazila oola. Limenelo ndi fungo la madzi amene mpweya watha. Ndinataya madzi onse, magalamu 700 a mcele wa ku Johannesburg anapita m'ngalande. Usiku umenewo ndinakhala pa mphepete pa bafa ndi toci ya foni, ndikudzifunsa ngati munthu wa digili, wa nkhongole ya lendi, ayenela kucita zimenezi.

Ndinayambanso. Baketi ndinaikulunga ndi bulangeti lakale. Ndinagula kapampu ka mpweya ka mabatile. Mabatile akatha ndinali kuvundula madzi ndi mthiko watsopano, m'mawa ndisanapite ku nchito ndi usiku ndisanagone. Madzi akaphwela ndinali kuonjezela opanda mcele, cifukwa cimene cimauluka ndi madzi, mcele umatsala. Tsiku lina ndinapeza mkazi wanga akuvundula yekha. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Ndalama zinapita kale, zisaole."

Loweluka lililonse ndinali kuyesa, ndipo Lolemba ndinali kulemba zotulukapo pa kona ya bolodi. Ana anayamba kujambula gilafu okha. Ammonia inakwela, inatsika. Nitrite inakwela, kabotolo kanakhala papo, ndipo kanakana kusintha mawiki anai. Mtsikana wina wa kumbuyo, amene sanali kuyankha funso ngakhale umuchule dzina, anakweza dzanja nati mwina gulu laciwili la mabakiteliya likucedwa cifukwa linayenela kuyembekezela loyamba kuti liphike cakudya. Sindinamuphunzitse mau amenewo, ndipo yankho lake linali loona. Amene amalemba za nchitoyi amati imatenga mawiki anai kufikila asanu ndi atatu. Yanga inatenga khumi ndi imodzi.

Mwala waukulu ndiye unandivuta mtima. Mawiki atatu ndinali kusintha madzi ake, koma m'mawa uliwonse pamwamba panali kuyandama mafuta. Polishi ya zaka zonse zija inalowa mkati. Ndinakumbukilanso kuti kuseli kwa citseko cimeneco ndi kumene amai anali kupopela mankhwala a mphemvu. Mwala wa timabowo umamwa zonse ndipo umazibweza pang'onopang'ono. Wina woulowa m'malo sindikanaupeza, masiku ano coral ili pa mndandanda wa CITES, siungangoitola pa gombe n'kudutsa nayo pa Nakonde monga anacitila atate. Unali wokongola kuposa yonse, ndipo ndi umene ndinali kufuna pakati pa thanki. Ndinauvuula.

Thanki lomba ili m'cipinda codyela, miyala inai ili mkati, yayamba kucita fumbi la bulauni limene limabwela thanki ikakhala yatsopano. Nsomba ndikali kusungila ndalama, ndipo ndidzagula zobadwila m'thanki, ziwili cabe. Waukulu uja ndinauyanika, uli pa citseko ca kukhichini kwanga. Amai atabwela kudzaceza mwezi watha anayang'ana thanki nthawi yaitali, nafunsa kuti nsomba zili kuti. Popita kukhichini anaukankha mwala ndi phazi osayang'ana pansi, citseko cinatsekeka.