Mbiri imene tinaloweza, ndi imene tinkanong'ona

Ife amene tinalowa sukulu za mishoni m'zaka za m'ma 1950 tinaphunzitsidwa kuti mbiri ya dziko lino inayamba mu 1859, chaka chimene David Livingstone anafika kunyanja. Buku linkati iyeyo ndiye anaitulukira, chonsecho anapeza asodzi pagombe. Kenaka tinkaloweza za Robert Laws, za Harry Johnston ndi chaka cha 1891, ndi za nkhondo zothetsa ukapolo. Makolo athu ankatchulidwamo ngati akapolo kapena ogulitsa anzawo basi. Kalembedwe ka atsamunda kanali kotero: chimene sichinalembedwe papepala sichinachitike. Ngakhale mu 1963, katswiri wa ku Oxford, Hugh Trevor-Roper, ankanenabe poyera kuti mbiri ya Africa yoyenera kuphunzitsa ndi ya Azungu amene anabweramo.

Koma madzulo kumudzi tinkamva zina. Agogo ankasimba za Kalonga ndi likulu lake ku Mankhamba, za Undi amene anapatuka kulowera kuzambwe, za Lundu kuchigwa cha Shire, za Makewana wopempha mvula ku Msinja, za Aphiri ndi Abanda. Sitinkadziwa kuti imeneyonso ndi mbiri, tinkayesa nthano. Maso anga anatseguka nditagwira "Mbiri ya Achewa" ya Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, imene inatuluka m'zaka za m'ma 1940. Zija zapamoto zinali m'buku, m'chinenero chathu! Ndipo Ntara sanali woyamba. Yohanna Abdallah anali atalemba kale "Chiikala cha Wayao" mu 1919, ndipo kumpoto Yesaya Chibambo analemba "Midauko", mbiri ya Angoni.

Amenewa ndimawavulira chipewa, komabe mabuku awo amafunika kuwerengedwa mochenjera. Kuyambira 1933 boma la atsamunda linkalamulira kudzera mwa mafumu, ndiye kunena kuti anafika koyamba ndani, wamkulu ndani, inali nkhani ya bwalo la milandu, msonkho ndi malo. Nkhalamba yosimba mzere wa ufumu inkadziwa bwino mbali imene yaima. Mbiri yapakamwa nayonso ili ndi eni ake.

Ufulu utayandikira, mphepo inatembenuka mu Africa monse. Ku Ibadan, Kenneth Dike ndi anzake anayamba kulemba za maufumu ndi malonda a Aafirika eni ake. Ku Dar es Salaam, Terence Ranger ankafufuza mmene anthu anakanira utsamunda. Kuno buku la George Shepperson ndi Thomas Price, "Independent African", la mu 1958, linachititsa kuti John Chilembwe, amene tinauzidwa kuti anali woukira boma mu 1915, aonekere monga munthu amene anali ndi zifukwa zomveka. Yunivesite ya Malawi itatsegulidwa mu 1965, ophunzira a ku Chancellor College anayamba kutumidwa kumidzi kukakhala pamphasa ndi nkhalamba, kope m'manja. Njira yake inali imene Jan Vansina anaikonza: funsa ambiri, yerekeza zimene anena, dziwa amene akulankhula ndi chifukwa chake. Kings Phiri anaitsata pa mbiri ya Achewa mu 1975, Owen Kalinga pa Angonde, Matthew Schoffeleers pa Mbona wa ku Khulubvi. Kwa ife aphunzitsi zinali zonyaditsa kumva kuti mawu a agogo tsopano ndi umboni wolemekezeka kuyunivesite.

Nthawi yomweyo ndi imenenso inandipweteka kwambiri. Za Kalonga tinkaphunzitsa momasuka, koma za dzana ndi dzulo pakamwa pankalemera. Nduna zitasemphana ndi Dr Banda mu 1964, mayina a Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Orton Chirwa anasanduka osatchula. Nkhani ya ufulu inafupikitsidwa kukhala ya munthu mmodzi amene anafika pa 6 July 1958 kudzaphwanya chitaganya. Chonsecho m'kalasi munali ana amene makolo awo anamangidwa pa 3 March 1959, ndipo ankadziwa amene anayenda m'midzi kukopa anthu. Mu 1968 kunabwera lamulo lounika mabuku, ena naletsedwa. Atsamunda anachotsa Aafirika onse m'mbiri, boma lathu lomwe linachotsamo amene silinkawafuna, ndipo zachiwirizi zinkawawa koposa chifukwa ochotsedwawo tinkawadziwa nkhope.

Panabweranso ena amene anafunsa funso lina: mafumu ndi atsogoleri tawamva, nanga wogwira khasu? Walter Rodney mu 1972 analoza mmene Ulaya analemerera pa thukuta la Africa, ndipo Elias Mandala mu 1990 analemba za alimi a kuchigwa cha Shire, thonje lawo ndi ntchito ya amayi. Apa mpomwe thangata ndi maulendo a ku Wenela zinapeza malo. Ofukula zakale nawonso anaikapo umboni wawo: Yusuf Juwayeyi atakumba ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, anapeza mikanda, mkuwa, minyanga ndi mapale a mbale za ku China. Zimene agogo ankanena za malonda a Kalonga, nthaka inavomereza.

Chondidetsa nkhawa lero nchakuti pafupifupi mabuku onse a akatswiriwa ali m'Chingerezi. Nkhalamba zimene zinapereka mawu zinamwalira osamva zimene zinalembedwa, ndipo zidzukulu zawo zambiri sizingawawerenge. Inu a kuyunivesite ndi osindikiza mabuku, bwezani mbiriyi m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zinenero zina kumene munaitenga, ndipo buku la Ntara lisindikizidwenso kuti lipezeke m'sukulu iliyonse.