Mvula ya m'paipi

Munthu akangoyamba ntchito m'chipinda chathu, sitimulola kugwira chule. Timayamba tamuonetsa kumene kuli tizilombo: mabokosi a tinkhululu, mabotolo a tintchentche ta pa zipatso zowola, ndi tina tating'ono kwambiri timene timakhala m'dothi lonyowa. Akadziwa kusamala zimenezi osazipha ndi njala kapena chinyezi, ndiye timati angathe kuweta achule. Ambiri amabwera atakopeka ndi zithunzi za kachule kobiriwira ka maso aakulu, n'kupeza kuti theka la tsiku likuthera pa kudula karoti ndi kutsuka mabokosi onunkha.

Ndimagwira ntchitoyi ku England, pamalo ena osungirako nyama, m'chipinda chakuseri chomwe alendo safikako. Chule amene ndamuzolowera kwambiri ndi wa m'mitengo, wa m'nkhalango za Costa Rica ndi Panama mpaka kumalire ndi Colombia. Asayansi amamutcha Agalychnis lemur. Wamwamuna amafika masentimita 4, wamkazi 5. Miyendo yake ndi yoonda, mafupa okhaokha, ndipo sakonda kudumpha. Amayenda pa nthambi mwachifatse, dzanja ili kenaka ilo. Masana amakhala wobiriwira, atamatirira kunsi kwa tsamba, miyendo atapinda, maso atatsinzina, moti ungamufune m'thanki yaing'ono mpaka kutopa ali pamphuno pako pomwepo. Kukada amasanduka wofiirira, n'kutong'ola maso akuluakulu otuwa.

Chinawafikitsa kuno ndi matenda. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, achule anayamba kuzimiririka m'nkhalango zomwe palibe anadulamo mtengo kapena kuthiramo mankhwala. Ku Monteverde, ku Costa Rica, chule wina wowala ngati golide anaoneka komaliza mu 1989. Akatswiri anatsutsana zaka zambiri pa chimene chikupha, mpaka mu 1998 pomwe anapeza kafangasi pa khungu la achule akufa ku Panama ndi ku Australia. Chaka chotsatira Joyce Longcore ndi anzake anakapatsa dzina lakuti Batrachochytrium dendrobatidis, koma ife timangoti Bd. Chule samwa madzi ndi pakamwa. Amamwa ndi khungu, makamaka la pamimba, ndipo mchere wa m'thupi mwake umadutsanso momwemo. Kafangasika kakamera, khungu limakhuthala, mchere wa m'magazi umatsika, mtima n'kuima. Mbewu zake zimasambira m'madzi ndipo zimakonda malo ozizirirako a m'mapiri, komwe kunali kwawo kwa chule wathuyu. Mu 2004 gulu la Karen Lips linaona matendawa akusesa achule a m'mitsinje ya El Copé, ku Panama, m'miyezi yowerengeka chabe. Kafukufuku wa mu 2019 anawerenga mitundu 501 yomwe yachepa chifukwa cha matendawa, ndipo 90 mwa iyo akuiganizira kuti inatheratu. Pa za komwe kafangasika kanachokera, kwa kanthawi chala chinkaloza ku Africa, chifukwa cha chule wa m'madzi wotchedwa Xenopus laevis yemwe ankatumizidwa m'maiko ambiri kuchokera ku South Africa kuti azipimira ngati mayi ali woyembekezera. Koma mu 2018 ofufuza za majini analoza kum'mawa kwa Asia, cha ku Korea.

Amalume anga atamva za ntchito yanga anaseka mpaka kutsokomola pa foni. "Iwe mphwanga, achule ali mbwee kudambo kuno, mvula ikagwa sitigona nawo tulo. Azunguwo akukulipira kuti uziwaweta? Auze abwere ndi matumba." Ndinawayankha kuti, "Amalume, kwawo kwa achulewa nakonso ankalira choncho, chaka china kunangoti zii." Sanandikhulupirire, ndipo sindiwadabwa.

Chifukwa cha Bd, chipinda chathu chili ndi malamulo ake. Nsapato za kunja zimatsala pakhomo. Timavala majombo omwe satuluka m'chipindamo, n'kuponda m'beseni la mankhwala. Magolovesi amakhala opanda ufa, timawanyowetsa tisanagwire chule, ndipo timasintha tikamachoka pa thanki ina kupita pa ina. Chule wobwera kumene amakhala payekha kaye. Timamupukuta ndi kathonje pamimba, m'ntchafu ndi m'zala, kathonjeko n'kupita ku labotale. Akapezeka ndi matendawa timamusambitsa m'madzi a mankhwala a itraconazole mphindi zisanu patsiku, kwa masiku pafupifupi 10. Madzi otaya nawo timawathira mankhwala asanalowe m'ngalande, kuopa kupatsira achule a kuno zomwe sitinazione.

Za chakudya ndiye muli nkhani. Kuthengo chule amadya tizilombo tamitundumitundu, koma ife timangomupatsa mitundu itatu kapena inayi yomwe tingathe kuweta. Nkhululu payokha ilibe kashiamu wokwanira. Choncho tisanaipereke timaidyetsa kaye bwino, karoti, masamba obiriwira ndi ufa wa mavitamini, kuti chule akaimeza ameze ndi zam'mimba mwake zomwe. Kenaka timaiika m'kapu, kuthiramo ufa wa kashiamu, kukhutchumula mpaka iyere mbuu, n'kuiponya m'thanki magetsi atazima. Ukaiponya masana, chule ali m'tulo, pofika usiku nkhululuyo yadzipukuta kale ufa wonse. Pamwamba pa thanki pamafunikanso babu lotulutsa kuwala kwa UVB, chifukwa kuwalako kumathandiza thupi kugwiritsa ntchito kashiamuyo. Kuwala kumeneku sikudutsa pa galasi, ndiye chivundikiro chimakhala cha sefa. Babulo limapitiriza kuwala m'maso mwa munthu pomwe mphamvu yake inatha kalekale, choncho timaliyeza ndi kamakina. Chule wosowa kashiamu umamudziwira pa chibwano: chimafewa n'kulendewera, miyendo imakhota, ndipo akafuna kugwira nkhululu amaphonya. Zikafika pamenepo mafupa sawongokanso.

Koma luso lenileni la ntchito yathu lili pa kunamiza chule za nyengo. Ukamusunga m'chinyezi chofanana chaka chonse, amadya, amanenepa, amakhala zaka, koma saswana. Thupi lake limadikira chizindikiro chakuti dzinja lafika. Ndiye timayamba tamupangira chilimwe. Kwa masabata angapo timachepetsa madzi owaza, mpweya wa m'thanki uumeko, pamene zazikazi tikuzidyetsa kwambiri mpaka mimba zitatakata ndi mazira. Kutentha timakusunga pa madigiri 20 ndi kupitirirako pang'ono, pakuti awa ndi achule a m'mapiri ndipo kutentha kwambiri kumawafooketsa.

Kenaka timawasamutsira m'thanki ya mvula. Ndi thanki yaitali, pansi pake pali madzi osazama, ndi kapampu kokankhira madziwo m'paipi yobooledwabooledwa yomwe ili kudenga. M'katimo muli zomera za masamba otakata, zolendewera pamwamba pa madzi, ndi timitengo toti chule akagwera m'madzi akwerepo. Amuna amalowa poyamba, ochulukirapo kuposa akazi, chifukwa mwamuna akakhala yekha amachita ulesi kulira; akamva mnzake ndi pamene amalimbikira. Kulira kwawo n'kwapansipansi, kamawu kamodzi kouma, "tiki", kenaka chete, kenaka "tiki" kwina. Pampu imayamba madzulo n'kuzima pakati pa usiku, ndipo madzi ake amakhala ozizirirako pang'ono kuposa mpweya. Akazi amabwera patapita masiku awiri kapena atatu.

Mayi wina amene anandiphunzitsa ntchitoyi sankayatsa pampu asanaone zanyengo. Ankadikira tsiku loti kunja kukubwera mvula yamkuntho. Poyamba ndinkaona ngati ndi zikhulupiriro chabe, pakuti chipindacho chilibe ndi windo lomwe. Koma oweta achule ambiri amanena chimodzimodzi, kuti mpweya wa kunja ukasintha mvula ikamayandikira achule amamva ali m'nyumba momwemo, ndipo ine ndinaona mazira akuchuluka pa masiku otere. Ubwino wa ku England ndi wakuti mvula sudikira nthawi yaitali.

Mwamuna amakwera pamsana pa mkazi n'kumugwira m'khwapa, ndipo mkaziyo amayenda naye chibereke, nthawi zina usiku wonse ndi tsiku lotsatira, kufunafuna tsamba lomukomera. Mazira saikira m'madzi. Amawamata pa tsamba lolendewera pamwamba pa madzi, 15 mpaka 30 pamalo amodzi, m'kanthu konanda koonekera mkati. M'mawa timadula tsambalo n'kulipachika m'kabokosi, pansi pali madzi pang'ono. Tsiku lililonse timawaza madzi mopepuka. Dzira lomwe silinatenge limayera n'kuyamba chuku, ndipo usalichedwere kulichotsa ndi kachitsulo kosongoka, apo ayi chukucho chimalowerera anzake. Pakatha masiku atatu kapena anayi, ukaunikira ndi tochi kumbuyo kwa tsamba, umaona kanthu kakugwedezeka m'dzira lililonse, timitsempha tofiira tili yalaa m'mbali mwa mutu, kamtima kakugunda. Pakatha sabata kapena kupitirirako, ambululu amadzipotokola, kuboola, n'kugwera m'madzi mmodzimmodzi.

Ambululu a mtundu umenewu amaima chopendekeka m'madzi, mutu m'mwamba, nsonga ya mchira yokha ikunjenjemera. Amadya chakudya cha nsomba choperapera ndi ufa wa ndere. Chimawapha kawirikawiri ndi madzi. A pampopi ali ndi klorini, ndiye timawasefa mpaka atsale opanda kanthu, kenaka n'kubwezeramo mchere woyeza pa sikelo, chifukwa madzi oyeretsetsa nawonso amasowetsa mbululu zomangira mafupa. Ukawapatsa chakudya chambiri madzi amaola usiku umodzi. Ukawathithikiza m'thanki imodzi amatuluka ang'onoang'ono.

Masiku oopsa kwambiri amafika pakatha miyezi iwiri kapena itatu, manja akutsogolo akatuluka. Pamenepo kanyamaka kayamba kupuma mpweya, ndipo ukapanda kukatulutsa kamamira m'madzi omwe kakuliramo. Timakaika m'kabokosi kopendekeka, madzi mbali imodzi, tsamba mbali ina. Sikadya kanthu mpaka mchira wonse utalowa m'thupi. Apa ndi pomwe umadziwira ngati unagwira bwino ntchito miyezi yapitayo. Ena amatuluka ndi manja ofooka, oonda ngati ulusi, osatha kunyamula thupi. Oterowo sachira, ndipo dokotala wa ziweto amawagoneka ndi mankhwala kuti asavutike. Akatswiri amaloza ku madzi osowa kashiamu ndi ku chakudya cha makolo. Chimene chimandipweteka n'chakuti chilemacho sichioneka mpaka tsiku lomaliza: mbululu imaoneka yathanzi, yonenepa, miyezi yonseyo.

Palinso buku. Chule aliyense ali ndi nambala ndi chithunzi cha timadontho ta pamsana pake, ndipo bukulo limanena mayi ake, bambo ake ndi komwe makolo ake anagwidwa. Tisanaike awiri m'thanki ya mvula timakhala ngati ankhoswe, kufufuza ngati pali ubale. Achule onse a mtunduwu omwe ali m'mathanki agalasi ku Ulaya anachokera kwa makolo owerengeka, ndiye ukalekerera m'bale ndi mlongo wake mibadwo ingapo, mtundu umafooka. A ku Costa Rica sitiwasakaniza ndi a ku Panama, chifukwa majini awo anapezeka kuti ndi osiyana ngakhale m'maso amafanana. Manchester Museum, komwe Andrew Gray anasunga achule amenewa zaka zambiri, ndi amodzi mwa malo omwe anatsogolera ntchitoyi kuno.

Ndisanamize munthu kuti thanki yagalasi imapulumutsa mtundu. Mu 2005 ofufuza anagwira achule ena aakulu a m'mitengo pafupi ndi El Valle de Antón, ku Panama, matenda asanafike. Mtunduwo unapatsidwa dzina lakuti Ecnomiohyla rabborum mu 2008, pomwe kuthengo unali utamveka komaliza chaka chapitacho. Anali chule wodabwitsa: ankatambasula zala n'kuuluka kuchoka pa mtengo, ndipo bambo ankalowa m'madzi a m'mphako kuti ambululu ake adye khungu lake. Anthu aluso kuposa ine anayesetsa, koma mtunduwo sunapitirire m'magalasi. Womaliza, yemwe ankamutcha Toughie, anafa pa 26 September 2016 ku Atlanta Botanical Garden. Kwa anansi athu a ku Tanzania zinayendako bwino. Kachule ka pa mathithi a Kihansi kanatha kuthengo damu la magetsi litachepetsa madzi, koma 499 omwe anatengedwa kupita ku Bronx Zoo mu 2000 anaswana, ndipo mu 2012 zidzukulu zawo zinabwezedwa kwawo, komwe anaika mapaipi owaza madzi m'malo mwa nthunzi ya mathithi.

Kwa chule wathuyu, ntchito imene ndimaisirira inachitika m'nkhalango momwemo. Ku Guayacán, m'chigawo cha Limón ku Costa Rica, Brian Kubicki anakumba timaiwe n'kuika mabafa a madzi pansi pa mitengo, ndipo achule otsala kumeneko anayamba kuikira pa masamba a pamwamba pake n'kuchulukana. Kumeneko kulibe pampu, kulibe babu, kulibe woweta nkhululu. Ndikanakhala wogawa ndalama, zambiri ndikanaziponya kumeneko, ife a m'zipinda tikhale chabe nkhokwe yodikira tsoka. Anzanga ena sagwirizana nane. Amati Bd sanachoke m'nkhalangomo ndipo palibe akudziwa kumuchotsa, ndiye nkhokweyo iyenera kukhala yaikulu.

Mkanganowu umafika mpaka pa mazira. Mkazi mmodzi wathanzi atha kuikira kangapo pa nyengo imodzi, pamene mathanki athu ndi owerengeka ndipo chule wina aliyense amafuna malo, chakudya ndi munthu womusamala kwa zaka. Kuwatumiza kuthengo sikutheka mwachisawawa, chifukwa atha kunyamula matenda a kuno kupita nawo kwa anzawo otsala. Choncho chaka chilichonse woyang'anira buku amatiuza awiri ati aswane ndi ana angati tilere. Mazira opitirira chiwerengerocho sitiwalera. Timadula tsamba lake, kulilemba m'buku, n'kuliika m'firiji yozizira kwambiri asanayambe kukula.