Anandiphunzitsa kuima pa bwalo la gofu ku Mulanje

Mwezi watha ndinakacheza kwa mlamu wanga amene amagwira ntchito pa esiteti ya tiyi ku Mulanje. Loweruka m'mawa anandikokera ku Mulanje Golf Club, kufupi ndi boma. Chiperoni chinali chitaphimba phiri, minda ya tiyi ili biriwiri mbali zonse.

Ine ndinkayesa gofu n'kumenya mpira mwamphamvu basi. Katatu konse ndinangogalauza dothi ngati ndikuswa mphanje, mlamu akuseka.

Mnyamata wotinyamulira chikwama cha ndodo anandiyandikira. "Bwana, vuto si manja ayi, ndi kaimidwe."

Anati ndodo yaitali ija, dalaivala, imafuna kutangadza miyendo kuposa mapewa, mpira uli moyang'anizana ndi chidendene chakumanzere kwa ife amanjamanja, kuti ndodo iupeze ikukwera. Ndodo zachitsulo zazifupi n'zosiyana: miyendo iyandikane, mpira ukhale pakati, ndodo iumenye ikutsika kenako isenge udzu kutsogolo kwake. Ine ndinkauika pamalo amodzi pa ndodo iliyonse! Anagoneka ndodo ina pansi pakati pa mapazi anga kuti ndiziona pomwe mpira uli, n'kundibwerezetsa mpaka thukuta kamukamu.

Chifunga chitayamba kuyera, mpira wanga unauluka bwino koyamba, kulunjika kuphiri.

Ndinamufunsa kuti amasewera liti. Anati alibe ndodo zake. Kaimidweko anakaphunzira poonerera, ndipo amakayeserera kumudzi madzulo ndi ndodo yosema ya mtengo wa gwafa. Ndinamupempha kuti amenye kamodzi ndi dalaivala ya mlamu. Mpirawo sitinauone pomwe unagwera.