Kuseri kwa chitseko cha khitchini pa Evington Road

Mwezi wa Novembala ku Leicester mdima umayamba kugwa 4 koloko ikamakwana. Ndinatsika basi pa Evington Road kukuwaza kamvula, magetsi a m'mabutchala ndi m'mashopu a maswiti achimwenye atayaka kale, fungo la nyama yootcha likutuluka m'zitseko. Lesitilanti yomwe ndinkapitako ndi yaing'ono, ya matebulo 12, ndipo inali isanatsegule. Ndinagogoda pagalasi.

"Lowani achimwene, mwanyowa," anatero mwini wake akutsegula.

Bambowa ndi Mmwenye wobadwira ku Limbe. Anachoka ali mnyamata m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene boma la Kamuzu linkachotsa Amwenye m'magolosale a kumidzi n'kuwalola kuchita malonda m'matauni akuluakulu okha. Mabanja ambiri anathera kuno, komwe anapeza anzawo othamangitsidwa ndi Idi Amin ku Uganda mu 1972. Chichewa cha bambowa chinatsalira pa msinkhu wa mwana wa sukulu, koma tsiku lomwe anandimva ndikulankhula pa foni ndi akumudzi, anasiya kauntala n'kudzandigwira chanza ndi manja awiri. Ndi chifukwa chake nditawapempha kuti ndidzaone kuseri sanawiringule.

Modyera simutenga nthawi kuwona: mipando yofiira, kalendala ya nthawi za swala, ndi chithunzi chozimiririka cha phiri la Mulanje pamwamba pa makina a ndalama. Nkhani ili kuseri kwa chitseko chokankha ndi phewa. Mukangochikankha, kutentha kumakumenyani kumaso. Pa chitofu pali poto woti mwana angabisalemo, wodzaza anyezi amene akhala akubwata kuyambira m'mawa ndi adyo, jinja ndi tomato. Msuzi umenewu ndiwo maziko a ndiwo zambiri za pa menyu. Kukona kuli tandoor, uvuni wadothi wonga mtsuko waukulu wofika m'chiuno, womangidwira m'bokosi lachitsulo, moto uli pansi. Ndipo pambali pake panaima munthu amene lesitilanti yonseyi yatsamira pa iye, khukhi wa ku Nepal, wamfupi, wofatsa, amene anaphika ku Delhi ndi ku Dubai asanafike kuno mu 2023.

Ndinaima pafupi kuti ndione bwino. Anatenga kamtanda ka ufa watirigu, kukapamantha pakati pa zikhatho mpaka kutambasuka, kukayala pa kapilo kansalu, kenako dzanja lonse mpaka m'chigongono n'kulowa m'kamwa mwa uvuniwo. Phaa! Buledi wa naan wamata kukhoma. M'katimo kutentha kumapitirira madigiri 400, ndipo munthu ukachedwa pang'ono chabe wapsa. Mphindi ziwiri zisanathe buledi anali atatupa matuza, iye n'kumukola ndi katsulo kangowe kwinaku akumusupula ndi kena kaphanthiphanthi. Mkono wake wamanja ulibe cheya n'chimodzi chomwe, uli ndi timabala takale tooneka ngati mphini. Luso ngati limeneli lilibe satifiketi. Lili m'dzanja, ndipo limatenga zaka.

"Ndinalengeza ntchitoyi kangapo," anatero bambowo. "Ana athu obadwira kuno akufuna za makompyuta ndi za mankhwala. Ndani angaime pa motowu mpaka 11 koloko usiku?"

Ofesi yawo ili pansi pa masitepe, moti munthu wamtali amalowa atawerama. Pashelefu pali failo yonenepa yabuluu. Anaitsitsa ndi manja awiri ngati mmene gogo amatsitsira lichero la ufa. M'menemo muli layisensi yochokera ku Home Office yowalola kulemba ntchito munthu wakunja, yomwe anailipira mapaundi 536. Muli malisiti a msonkho wa mapaundi 364 pachaka umene bizinesi yaing'ono inkapereka pa wantchito aliyense wotere, mapepala a malipiro a mwezi ndi mwezi, ndi kaundula wa maola. Khukhiyo akasamuka nyumba, failo iyenera kudziwa. Akajomba masiku ogwira ntchito oposa 10 otsatizana popanda chilolezo, bwana ayenera kukanena kuboma. Akuluakulu a boma akhoza kutulukira tsiku lililonse osachenjeza, ndipo kuyambira mu Febuluwale 2024 wopezeka ndi wantchito wopanda mapepala akhoza kulipitsidwa mpaka mapaundi 45,000 pa munthu mmodzi, ukakhala ulendo woyamba. Kwa lesitilanti ya matebulo 12, kumeneko n'kutseka basi.

Ndinayang'ana tsamba la pasipoti ya khukhiyo m'failomo ndipo bambowo anaona maso anga.

"Ndi fotokope imeneyo. Pasipoti ali nayo yekha. Ya munthu sisungidwa ndi bwana."

Mawu amenewa anandifika pamtima chifukwa nanenso ndinabwera kuno pa viza yomangidwa kwa bwana mmodzi, pa ntchito yosamalira okalamba. Kumene ndinayambira ankatidula maola mmene afunira, ndipo ukati ufunse ankangokukumbutsa amene anasainira mapepala ako. Tinkakhala chete. Lamulo limati bwana akakuchotsa, kapena akalandidwa layisensi, kawirikawiri umapatsidwa masiku 60 oti upeze wina wokulemba, apo ayi nyamuka. Masiku 60 amatha ngati mchere m'madzi. Choncho failo yabuluuyi ndi chingwe, ndipo mbali imodzi yamangidwa m'chiuno mwa khukhi uja. Bwana woipa amachikoka kuti munthu agwade. Bambowa ndinaona kuti amachigwira mwamantha, podziwa kuti akalakwitsa deti limodzi, wovutika kwambiri si iwo.

Tinakwera masitepe opapatiza. Pamwamba pali chipinda chomwe khukhiyo anafikira: bedi, hita, zenera loyang'ana kumadenga onyowa. Anakhalamo miyezi ingapo, kenako bambowo anamuthandiza kupeza nyumba ya lendi kuseri kwa Spinney Hill Park. Anati munthu akamagona pamwamba pa ntchito yake sapuma, chifukwa chilichonse chikavuta pansi amayamba kugogodedwa ndi iyeyo. Sabata yoyamba anayenda naye okha kukatsegula akaunti kubanki, kukalembetsa kwa dokotala wa m'dera, ndi kukagula jekete yeniyeni, poti yomwe anabwera nayo inali ya ku Dubai. Zinazo n'zazing'ono koma ndi zomwe munthu amakumbukira. Khukhiyo ndi Mhindu ndipo sadya nyama ya ng'ombe, choncho chakudya cha antchito masana chimakhala cha nkhuku kapena mphodza. Pa chikondwerero cha Dashain, chachikulu kwambiri kwawo, amapatsidwa tchuthi ngakhale lesitilanti ivutike.

Mkazi wake ndi ana awiri akadali ku Pokhara. Kuwabweretsa ndi ndalama zambiri: msonkho wa chipatala wokha ndi mapaundi 1,035 pachaka kwa wamkulu ndi 776 kwa mwana, ndipo umalipiridwa wa zaka zonse za viza nthawi imodzi. Akusunga pang'onopang'ono. Ankawerengera kuti zikakwana zaka zisanu apeza chilolezo chokhazikika, koma mu Meyi 2025 boma linalengeza maganizo okweza zakazo kufika pa 10.

Bambowo ankafuna khukhi wachiwiri kuti woyambayu azipuma masiku awiri pasabata. Njira inatsekeka akuona. Malipiro ochepetsetsa a viza yonga ya khukhiyo anachoka pa mapaundi 26,200 kufika pa 38,700 mu Epulo 2024, kenako 41,700 mu Julayi 2025, ndipo mwezi womwewo boma linati ntchito zolowera pa vizayi zikhale za mlingo wa digiri. Ophika atsopano anagwera kunja. Ine zimenezi zimandiwawa. Amene analemba lamuloli sanaimepo pafupi ndi tandoor n'kuona dzanja likulowa m'moto n'kutuluka ndi buledi wosapserera.

Titatsika sitinam'peze khukhiyo kukhitchini. Anali kuseri, pakanjira ka mabini, atabisala mvula pansi pa kadenga, foni ili kumaso. M'nyengo yozizira Nepal imakhala patsogolo ndi maola 5 ndi mphindi 45, ndiye kwawo inali itapitirira 10 koloko usiku, ndipo ana amadikira foni imeneyi asanagone. Bambowo anandikoka mkono kuti tibwerere m'kati. Mphindi zimenezo, anati, palibe amene amamuitana, ngakhale oda italowa.

Pa tandoor panali pataima mnyamata wobadwira ku Highfields konkuno, amene analowa ntchito yotsuka mbale chaka chatha. Bambowo anamuwonjezera malipiro kuti aziphunzira, ndipo khukhiyo naye anamuwonjezera kuti aziphunzitsa. Mnyamatayo anayala mtanda pa kapilo, anapuma mozama, n'kulowetsa dzanja. Buledi anamata mbali imodzi, mbali ina n'kulendewera, kenako n'kugwera pamoto. Khukhiyo analowa akupukuta madzi kumutu, anasuzumira mu uvuni, anavuula wopsererayo ndi kangowe, osanena kanthu. Anatenga kamtanda kena, kunyowetsa mbali imodzi ndi timadzi, n'kumupatsa mnyamatayo. Kenako anaika dzanja lake lopanda cheya lija pamwamba pa la mnyamatayo, ndipo manja awiriwo analowa limodzi.

Kutsogolo belu la pachitseko linalira. Bambowo anavala jekete yawo yakuda n'kupita kukalandira makasitomala oyamba.